Ananditcha wabodza chifukwa cha timikanda ta galasi

Moni kwa nonse amene mumawerenga pa tsamba lino, abale ndi alongo mwa Ambuye, makamaka inu akwathu kuno ku Thyolo amene munkandiona ndikuyenda wapansi m'misewu ya pa esiteti koma osadziwa chimene chinandibweza. Dzina langa ndi Felesiya. Ambiri mumandidziwa ngati mwana wa mayi othyola tiyi uja anapita ku Ulaya kukaphunzira za mlengalenga. Lero ndikufuna ndinene poyera chimene ndinabisa kwa nthawi yaitali. Sindinabwere kudzapuma ayi, monga ndinkakuuzirani. Anandichotsa pa maphunziro atakayikira kuti zotsatira za kafukufuku wanga zinali zopeka.

Ndiyambe ndi ntchitoyo, chifukwa mukapanda kuimva simumvanso kuwawa kwake. Ndinaphunzira fizikisi konkuno, kenako ndinapeza mwayi wokachita digiri ya udokotala pa yunivesite ina kunjako. Gulu lathu linkagwira ntchito ndi timikanda ta galasi tating'ono kwambiri, toti fumbi la ufa ndi chimwala poyerekeza nato. Ndi maso simungatione. Kamkanda kamodzi tinkakaika m'bokosi lachitsulo lopopedwa mpweya wonse, n'kukagwira ndi kuwala kwamphamvu kotchedwa leza, kakulendewera pakati osakhudza chilichonse.

Chifukwa chake n'chakuti tinthu tochepetsetsa, monga maatomu, tili ndi khalidwe lachilendo limene akatswiri amalitcha kwantamu. Kanthu kamodzi kamatha kukhala ngati kali malo awiri nthawi imodzi mpaka wina atakayeza. Mwala suchita zimenezo, dengu silichita, munthunso sachita. Ndiye malire ali pati? Kuti tidziwe, tinkayenera kuzimitsa leza n'kukasiya kamkandako pakokha kwa kanthawi, tione mmene kachitire. Koma pansi pano kamagwa diso lisanaphethire. Motero cholinga chinali chodzaika bokosi lonselo m'setilaiti, kumwamba kumene zinthu zimangoyandama osagwa.

Gawo langa linali lopeza njira yolowetsera kamkanda m'kuwalako. Mu labu amangowaza timikanda tosakaniza ndi madzi ngati mmene tipoperera mankhwala, koma m'setilaiti mulibe munthu woti awaze. Ndinapanga kachipangizo kokhala ndi kambale ka galasi. Timikanda ndinkatimwaza pa kambalepo n'kutisiya tiume, ndipo magetsi akagwedeza kambaleko mwamphamvu, timikanda tinkayenera kudumpha, kamodzi n'kukodwa m'kuwala. Zaka ziwiri zinatha timikandato tikungomatirira pafupifupi nthawi zonse. M'chaka chachitatu, nyengo yozizira ili pachimake, tinayamba kudumpha. Ndinayesa mobwerezabwereza kwa miyezi itatu, zikutheka ndithu. Ndinalemba zonse, ndinajambula masamba a m'buku langa la labu pa foni, ndipo ndinaimbira amayi kuti ntchito yanga idzakwera kumwamba. Iwo anakauza anzawo kumunda wa tiyi, nkhani n'kufika mpaka ku Masambanjati.

Chilimwe chitafika, apulofesa otsogolera gulu lathu anapatsa wophunzira mnzanga ntchito yobwereza zomwe ndinachita, potsatira malangizo anga. Palibe kamkanda kanadumpha. Anati mwina iye walakwitsa, ndichite ndine. Ndinakonza timbale tatsopano ndi manja angawa, ndinayatsa, koma ziii. Ndinasintha mawaya, ndinasintha galasi, ndinaitanitsa timikanda tina. Pomaliza anakhazikitsa komiti ya anthu atatu kuti ndichite pamaso pawo. Anaima kumbuyo kwanga tsiku lonse, ine ndikutuluka thukuta, chipangizo chikungolira popanda kanthu.

Apulofesa anandiitana ku ofesi kwawo. Sanakalipe. Anangoti, "Sindikunena kuti unanama, Felesiya. Koma sindingaike dzina langa pa chinthu chimene unachiona wekha." Mawu amenewo anandipweteka kuposa chipongwe. Maphunziro anga anaimitsidwa, ndipo popeza chilolezo chokhalira m'dzikomo chinkadalira sukulu, ndinalongedza.

Ndinatsika minibasi pa Boma masana, ndinakwera njinga yamoto mpaka ku malayini a esiteti kumene amayi amakhala. Anandilandira chikwama, anandipatsa madzi osamba, osafunsa kanthu. Usiku usanagwe ndinawauza zoona zake, iwo okha. Anati m'Chilomwe, chimene amalankhula nkhani ikakhala yolemera, iwo sanabereke mwana wabodza. Basi. Koma anthu ena sakhala chete ngati amayi. Pa mjigo, kutchalitchi, pa msika, funso linali limodzi: mubwerera liti? Miyezi itadutsa, anayamba kudziyankha okha. Ena ankati ndinatenga mimba ya mzungu n'kuichotsa. Ena ankati mabuku anandizunguza mutu. Azakhali anga anachoka ku Nsabwe kudzauza amayi kuti ichi n'chamunthu, andipititse kwa sing'anga kutsidya kwa malire.

Ndinafunsira ntchito ya uphunzitsi m'makoleji angapo. Paliponse ankafuna kalata yochokera kumene ndinali, ndipo ndinkadziwa chimene kalatayo ikanene. Ndinasiya. Ndinkangokhala pakhonde kuyang'ana mizere ya tiyi ikukwera phiri, mtima ukuwira. Munthu akandiuza kuti Mulungu ali ndi cholinga, ndinkafuna kumufunsa kuti cholinga chanji chofuna kuti mwana wa mayi wamasiye atchedwe wabodza pamaso pa azungu. Ndinasiya kupita ku kwaya, kenako ndinasiya tchalitchi, kenako ndinasiya kupemphera. Amayi akagwada m'mawa asanapite kumunda, ine ndinkatembenukira kukhoma. Tsiku lina atandiitana kuti tipemphere limodzi ndinawayankha mwano, kuti zaka zonse akhala akupemphera koma akadali ndi dengu kumsana. Anangomanga pulasitiki yawo yotchinga mame m'chiuno n'kutuluka. Mpaka lero ndikakumbukira ndimachita manyazi.

Choipitsitsa sichinali miseche. Chinali chakuti ndinayamba kudzikayikira ndekha. Ndinkadzifunsa kuti kodi ndinaonadi timikanda tija tikukodwa, kapena maso anga ankaona zomwe mtima unkalakalaka? Munthu ukanamiziridwa koma ukudziwa kuti ndiwe wosalakwa, umakhala ndi poimira. Ine poimirapo panayamba kugumuka. Zithunzi za buku langa zinali m'foni, koma ndinkaopa kuzitsegula.

Mvula itayamba, tiyi anaphukira kwambiri ndipo fakitale inayamba kulemba anthu aganyu. Amayi anakalankhula ndi akapitawo ine osadziwa. Nditamva ndinakwiya, koma kukhala pakhonde kunali kutanditopetsa, ndiye ndinapita. Anandiika m'chipinda chosankhira tiyi wouma. Tiyi akatuluka m'chowumitsira amakhala ndi timitengo ndi ulusi wofiirira, zomwe ogula sazifuna. Ndiye amadutsa pa lamba pansi pa marola a pulasitiki. Marolawo akamazungulira amakwechana ndi nsalu n'kukhala ndi timagetsi tija timabwera mukakwecha cholembera m'tsitsi kuti chinyamule timapepala. Ulusi wopepuka umadumpha n'kumatirira ku rola, tiyi wabwino n'kudutsa. Ntchito yanga inali yoyang'anira lamba ndi kusesa ulusiwo. Ndinavala ovolosi, ndinamanga kansalu pamphuno, anzanga a ku pulayimale akundiyang'ana chammbali.

M'chipindamo munkabwerabwera bambo ena achikulire, a Mulipa, okonza makina. Anali atatsala pang'ono kupuma pa ntchito. Anali olongolola, ndipo ankakonda kundiitana kuti adokotala. Ndinkaganiza kuti akundinyoza, choncho ndikawaona ndi bokosi lawo la masipanala ndinkapeza chochita kumbali ina.

M'mawa wina ndikudutsa m'munda wa tiyi kupita ku fakitale, mvula ikuwaza, nsapato zitalowa madzi, ndinapezeka ndikulankhula ndekha mokweza. Silinali pemphero lokongola. Ndinati, Ambuye, ngati ndinanama ndiuzeni ndivomere, ndatopa. Ngati sindinaname, ndionetseni chimene chinachitika, chifukwa Inu munalipo m'chipinda muja. Sindinanene ameni. Ndinadikira tsiku limenelo, palibe chinachitika. Sabata inatha. Ndinadziseka kuti ndayambanso zija ndinasiya.

Sabata yachiwiri kunagwa mvumbi. Masiku atatu dzuwa osaoneka, nkhungu ikulowa mpaka m'mawindo a fakitale. Tsiku lachitatulo tiyi anayamba kutuluka ali ndi ulusi wake wonse. Marola ankazungulira bwinobwino koma osanyamula kanthu. Woyang'anira chipinda anabwera atatenga tiyi m'manja, n'kuyamba kundikalipira pamaso pa anthu kuti ndagwiragwira makina, anthu ophunzira amavuta, amafuna kuonetsa nzeru paliponse. Ndinayesa kunena kuti sindinakhudze chilichonse, dzulo lomweli zinkagwira. Sanamve. Abale, sindingathe kufotokoza mkwiyo womwe ndinamva. Kachiwiri m'moyo wanga makina akana kugwira, ndipo wolakwa ndine. Ndinavula kansalu kapamphuno, nditatsimikiza kuti ndikutuluka ndipo sindidzabwereranso.

Pakhomo ndinakumana ndi a Mulipa akulowa. Sanafunse kuti kwagwanji. Anapita pa makinawo, anaika kuseri kwa dzanja pa rola, anagwira nsalu ija, n'kuyang'ana ku windo. Kenako anatuluka n'kubwera ndi mababu anayi akale aja otentha, omangirira pa thabwa, n'kuwapachika pamwamba pa marola.

"Musawakalipire mayiwa," anauza woyang'anira uja. "Makinawa alibe vuto, ndipo palibe wawagwira. Ndi chinyezi ichi. Chaka chilichonse mvumbi ukagwa zimatere."

Atatembenukira kwa ine anati, "Adokotala, tinthu ting'onoting'ono timamvera mpweya kuposa mmene timamvera makina. Mpweya ukanyowa, simungatidumphitse olo mutachita bwanji. Dikirani paume kaye, muona."

Patapita kanthawi ulusi unayamba kudumpha. Ine ndinangoima pomwepo, kansalu kali m'manja. Sikuti makina a tiyi ndi chipangizo changa n'zofanana ndendende, ayi. Koma mawu aja anandibwezera m'kachipinda kena ka pansi pa nyumba ya labu yathu, kosungiramo katundu. Chipinda chachikulu cha labu chinali ndi makina osunga mpweya mofanana chaka chonse, ndipo aliyense pofufuza vuto ankayang'ana mmenemo ndi m'bokosi lachitsulo lija. Koma timbale tanga sindinkaumitsira mmenemo. Malo abwino ankakhala atatengedwa ndi akuluakulu, ndiye ine ndinkakonzera timbale m'kachipinda ka pansi kaja n'kutisiya pa shelefu tiume. Nyengo yozizira, mapaipi otenthetsa nyumba odutsa mmenemo ankawayatsa, mpweya n'kuuma mpaka milomo kung'ambika. Chilimwe ankawazimitsa, ndipo makoma ankachita thukuta ndi chinyezi.

Nditaweruka ndinatsegula zithunzi zija koyamba chibwerereni. Kambale kalikonse ndinali nditalemba tsiku lomwe ndinakakonza. Loweruka ndinakwera minibasi kupita pa Boma kumene netiweki imagwirako bwino, ndinakhala pa benchi n'kufufuza mmene nyengo inalili m'tauni ya yunivesite ija pa masiku amenewo. Ndinalemba mizere iwiri pa pepala. Timbale tonse tomwe tinagwira ntchito tinauma masiku ozizira, mapaipi akutentha. Tonse tomwe tinakana tinauma m'chinyezi. Ngakhale tiwiri ta m'chaka choyamba tomwe tinagwira pang'ono n'kundisokoneza, tinali ta nyengo yozizira. Kamadzi kosaoneka ndi maso kankatsalira pakati pa kamkanda ndi galasi n'kukamata ngati ulimbo. Sindinaname. Ndinakhala pa benchi paja ndikungoyang'ana pepalalo, amayi ena ogulitsa nthochi pafupi n'kundifunsa ngati ndikudwala.

Mwina mukuganiza kuti nkhani yathera pamenepa. Ayi ndithu, apa m'pamene ndinapsa mtima kwambiri. Ndinalembera apulofesa kalata yaitali, ndi ndandanda wa masiku onse. Sanayankhe. Ndinalembanso patatha sabata ziwiri. Chete. Kachitatu anayankha mizere iwiri, kuti nkhaniyi inatsekedwa ndipo gulu latenga njira ina. Ndinalembera a komiti, iwo anati salandira madandaulo kwa munthu amene salinso wophunzira. Yankho ndili nalo m'manja, loti munthu angathe kuliyesa m'masiku awiri okha, koma palibe wofuna kumva. Ndinafunsa Mulungu kuti munandionetseranji ngati n'zoti ndizingosesa nazo ulusi. Ndinkadya movutikira, ndipo amayi anayambanso kundiyang'ana ndi maso a nkhawa.

Pa nthawiyi ndinali nditayamba kucheza ndi a Mulipa. Ndinali nditazindikira kuti udokotala uja sankanyoza, ankanyadira kuti mwana wa pa malayini anafika kumeneko. Tsiku lina pa nkhomaliro, titakhala pa mulu wa nkhuni za bulugama kuseri kwa fakitale, ndinawafotokozera zonse. Za kwantamu sanazimve, ndipo sananamizire kuti amva. Koma za makalata anazimva bwino.

"Inu mukulembera mabwana," anatero. "Bwana akasaina chinthu safuna kuchiyang'ananso, amaopa manyazi. Ine pano ndikafuna kuti chinthu chiyesedwe sindipita kwa manijala. Kodi kumeneko kulibe wogwira sipanala?"

Analipo. Mayi wina dzina lake Malita, amene ankasamala mapampu ndi zipangizo za labu. Zaka zitatu zonse tinkangopatsana moni basi, ndipo ndivomere kuti sindinamuganizirepo ngati munthu wondithandiza, chifukwa analibe udindo. Ndinamulembera mwachidule. Sindinamupemphe kuti andikhulupirire. Ndinangomupempha kuti akonze timbale tiwiri, kena aumitse m'bokosi la mpweya wouma, kena pafupi ndi beseni la madzi, kenako ayese tonse. Anayankha tsiku lomwelo kuti chipangizo changa chikadali pa shelefu, sanachitaye ngakhale anauzidwa kutero, ndipo ayesa akapeza mpata.

Mpatawo unatenga mwezi wathunthu. Tsiku lililonse ndinkayang'ana foni, ndipo ndinali nditayamba kunena kuti nayenso wandisiya. Lachinayi lina masana, ndikutuluka m'chipinda chosankhira tiyi, uthenga unalowa. Kanali kavidiyo kakafupi. Netiweki ya pa fakitale inkakoka pang'onopang'ono, ine ndikuyendayenda pabwalo foni ili m'mwamba. Katatseguka ndinaona sikirini ya mu labu ija ndinkaidziwa bwino, yakuda bii. Kunamveka kulira kwa chipangizo, kenako pakati panaoneka kadontho kowala, katangoima osagwedezeka. Pansi pake Malita analemba kuti kambale kouma kagwira ulendo woyamba, konyowa kakana, ndipo wabwereza katatu.

Sindinapemphe chilolezo kwa aliyense. Ndinathamanga kutsika m'munda mpaka pa shedi yoyezera masamba, kumene amayi anali pa mzere ndi dengu lawo. Ndinawaonetsa kadonthoko. Anayang'ana nthawi yaitali n'kufunsa kuti ndi chimenechi? Ndinati ndi chimenechi, amayi. Anatula dengu, anagwada m'matope pomwepo anthu akuona, ndipo ulendo uno ndinagwada nawo.

Malita anakaonetsa zotsatirazo pa msonkhano wa gulu lonse, pamene panalibe woti azibise. Komiti inakhalanso pansi. Zinatenga miyezi ina, mafomu ndi mafunso osatha, ine ndikusesabe ulusi mpaka nyengo ya ganyu inatha. Kalata itabwera, inati pakhala umboni watsopano ndipo kukayikira konse kwachotsedwa. Mawu oti pepani munalibemo. Ndinawerenga kawiri kuwafunafuna. Anandilola kumaliza kulemba ndili konkuno, ndipo mayeso omaliza ndinachitira pa kompyuta m'chipinda china ku Blantyre. Ndinakhoza. Njira yanga anaibwezera m'mapulani, ndi lamulo loti timbale tiziumitsidwa mu mpweya wouma. Setilaitiyo sinapite kumwamba mpaka pano, ndipo sindikudziwa ngati idzapite ine ndili moyo. Zinthu zimenezi zimatenga zaka.

M'buku la digiri yanga, pa tsamba la kuthokoza, ndinalembapo dzina la a Mulipa. Nditakawawerengera kunyumba kwawo, atapuma kale pa ntchito, anamvetsera mpaka kumapeto n'kundiuza kuti ndalakwitsa, iwo sanali okonza makina wamba koma wamkulu wa okonza makina. Tinakonza.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wamwano, lopanda ndi ameni yemwe. Ndikuthokoza amayi amene anapitiriza kugwada ine nditatembenukira kukhoma. Ndikuthokoza a Mulipa ndi Malita, anthu awiri amene sanaonanepo ndipo sadzaonana, amene ine ndi kuphunzira kwanga konse ndinkawadutsa ngati mitengo.

Kwa inu amene dzina lanu ladetsedwa pa chinthu chomwe simunachite, kaya ndi kuntchito, kaya m'banja, kaya mumpingo momwe, sindikuuzani kuti musakwiye. Ine ndinakwiya chaka chonse. Sindikulonjezaninso kuti adzakupepesani. Koma musadziweruze nokha msanga chifukwa choti anthu audindo agwirizana. Pitirizani kudzuka, pitani kumene mwapeza kogwira ngakhale kukhale kochititsa manyazi, ndipo mkwiyo wanuwo muzikauza Ambuye mmene ulili, osaukometsera. Amatha kuupirira.

Inenso mundipempherere, chifukwa nkhondo yanga sinathe yonse. Apulofesa aja andilembera kundiitana kuti ndibwerere m'gulu lawo. Kalata yake ndi yaulemu kwambiri, ngati palibe chinachitikapo. Ino ndi sabata yachitatu ndisanayankhe. Ndikufuna kuwakhululukira ndisanasankhe kupita kapena kukhala, kuti chisankhocho chisakhale cha mkwiyo, ndipo kunena zoona sindinafikepo. Amene anandichotsa manyazi ndikhulupirira kuti andichotsanso mkwiyowu. Ambuye akusungeni nonse.